Injini yongokonzedwa musaithamangitse, musaigonekenso

Ana anga amene mukuphunzira umakaniko wa sitima ndi maboti, kaya ku Monkey Bay kaya m'madoko ena a nyanja yathuyi, tandimverani. Injini ya dizilo ikalira mutaimanga, ntchito sinathe. Kulira imalira ngakhale yodwala. Anthu odzakwera kupita ku Likoma chimene akufuna ndi injini yoti idzawakoke mwera ukadzawapeza pakati pa nyanja.

Maring'i atsopano ndi khoma la silinda zimakhala zisanazolowerane. Chimazigwirizanitsa ndi mphamvu ya moto wa m'silindamo, imene imakankhira ring'i kukhoma. Choncho mukaisiya injini ikungolira pansipansi padoko tsiku lonse, ati kuimvera chisoni, mwaipweteka. Khomalo limasalala ngati galasi, maring'i sakhazikika, ndipo idzamwa oyilo mpaka mudzaimasulenso. Kuikoka mpaka kumapeto isanazolowere n'koipanso, maring'i amakanda silinda.

Poyamba ilizeni mphindi zochepa, maso pa geji ya oyilo ndi pa madzi oziziritsa. Izimitseni, fufuzani podontha. Mukakayikira kuti beringi yatentha, chonde musathamangire kutsegula crankcase. Nthunzi ya oyilo ikakumana ndi mpweya imaphulika. Dikirani mphindi 20 kapena kuposa.

Kenako masulani zingwe, tsiku la bata, mupite pamadzi. Muziilemetsa pang'onopang'ono, 25, 50, 75 peresenti, kwa maola amene buku la injiniyo lanena. Apa ndi pomwe ambiri amasokera, poganiza kuti theka la ma rpm ndiye theka la mphamvu. Pulopela sidya motero. Pa theka la ma rpm, injini imakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 8. Kuti ifike theka la mphamvu yake iyenera kuzungulira pafupifupi 80 peresenti ya ma rpm ake.

Paliponse mwaima lembani m'kope: ma rpm, geji ya oyilo, kutentha kwa madzi, kutentha kwa ekizozi ya silinda iliyonse. Khutu ndimalilemekeza, koma silingakuuzeni kuti silinda yachitatu yatentha kuposa zinzake, mwina chifukwa injekita ikudontha. Utsi muziupenyanso. Wakuda, mpweya wachepa kapena mwailemetsa kwambiri. Wabuluu, ikuwotcha oyilo.

Pomaliza ikokeni yonse kwa kanthawi. Ikalephera kufika ma rpm olembedwa pa injinipo, musafulumire kugwira pampu ya dizilo. Onani kaye fyuluta, ndere pansi pa boti, mapiko a pulopela ngati sanapindike. Mwini boti adzakukakamizani kuti ulendo ukuchedwa. Muyankheni mwaulemu, koma musasaine kuti injini yakonzeka.

Mukabwerera padoko thirani oyilo watsopano, fyuluta yakale ya oyilo muidule pakati, muitambasule padzuwa. Kafumbi kachitsulo kosalala si kodabwitsa pa injini yongomangidwa. Koma mukaona tizibenthu tonyezimira tomveka pachala, botilo lisanyamule munthu mpaka mutayang'ana maberingi.