Ng'ombe za ku Fíngoè, Nyumba ya ku Maputo

Tsiku lina, tisanayambe phunziro, bambo wina wacikulire wa m'kalasi mwathu anatulutsa foni. Anatiwerengera yekha uthenga, pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Unacokera kwa mwana wa mlongo wake amene amagwira nchito ku Maputo. Mnyamatayo wapeza nyumba yogulitsa pafupi ndi nyanja, ku Costa do Sol. Ndalama zake zapelewera. Ndiye akupempha amalume ake kuti agulitse ng'ombe za banja.

Bamboyo atamaliza anafunsa: "Aphunzitsi, ndikakana ndine wouma mtima kodi? Nanga ndikalola ndine citsiru?"

Ine ndine mwana kwa iwo. Koma funso ili ndi lathu tonse, conco tiyeni tiliganizire pamodzi.

Coyamba, kufuna nyumba yabwino si kulakwa. Nthawi ya atsamunda mzinda uja unkachedwa Lourenço Marques, ndipo unali pawiri. Kumtunda koyang'ana nyanja, ku Polana, kunali nyumba za simenti, makamaka za azungu. Anthu akuda ambiri ankakhala ku Mafalala, ku Xipamanine ndi ku Chamanculo, m'nyumba za bango ndi malata. Ankapita ku Polana m'mawa kukaphika ndi kukasesa, madzulo n'kubwerera. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba za lendi zikhala m'manja mwa boma. Mabanja ambiri a anthu akuda analowa m'nyumba zimene kale ankangoziona ndi maso. Tsono mwana wa ku Marávia akafuna kukhala m'mbali mwa nyanja, palibe womuletsa. Dziko ndi lake.

Koma zinthu zinasintha. M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugulitsa nyumba zija kwa anthu amene ankakhalamo. Ena anazigulitsanso kwa ena. Lero ku Polana, ku Sommerschield ndi ku Costa do Sol sakufunsa khungu la munthu. Akufunsa ndalama. Ndipo ndalama zake ndi zambiri, zoti khola lathunthu silingakwanitse.

Caciwiri, tione cimene cikugulitsidwa kuno. Ng'ombe si ndalama zongoyenda ndi miyendo. Ng'ombe zimalima munda. Zimakoka ngolo kupita ndi wodwala ku cipatala. Mvula ikavuta, ng'ombe imodzi imagula cimanga ca banja lonse. Mwana akafuna kupita ku sukulu ku Tete, timayang'ana m'khola. Ndiponso ng'ombe za banja si za malume yekha. Iye ndi wosunga cabe. Muli gawo la alongo ake, la ana amasiye, ngakhale la ana amene sanabadwe. Munthu angapereke bwanji cinthu cimene si cake yekha?

Cacitatu, tifunse za pepala. Malamulo a dziko la Moçambique amati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Munthu amagula nyumba, ndipo amakhala ndi cilolezo cogwiritsa nchito malowo, cimene cimachedwa DUAT. Nanga pa pepala la nyumbayo padzalembedwa dzina la yani? Ng'ombe ndi za anthu khumi, koma dzina lidzakhala limodzi. Mnyamatayo akadzamwalira, kapena nchito ikadzatha, kapena banki ikadzalanda nyumba cifukwa ca ngongole, anthu khumi aja adzagwira ciani? Ku Maputo ndi kutali, makilomita oposa 1,500. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ena adzati: "Koma mwana akakwera, tonse takwera." Nthawi zina n'zoona. Alipo ana amene nyumba zao za m'tauni zinasanduka pofikira odwala ndi ana a sukulu a kumudzi. Alipo enanso amene anamanga mpanda wautali, n'kuika mlonda pacipata, ndipo mai wao atafika ndi thumba la ufa anaima panja. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maganizo anga ndi awa. Kukana si kuuma mtima ngati kulola kubweretsa njala pa ana ena. Malume aitane banja lonse, amai ndi abambo, akhale pansi. Ng'ombe zolima zisakhudzidwe. Ngati banja lagwirizana kupereka imodzi kapena ziwiri, alembe pa pepala kuti ndi mphatso kapena ngongole, ndipo aliyense asaine dzina lake. Mnyamatayo nayenso aganize. Ku Matola ndi ku Marracuene anthu amamanga pang'onopang'ono, cipinda cimodzi caka cino, cina caka ca mawa. Nyanja sithawa.

Bambo uja anatenga cikalata ndi pensulo. Anati yankho alemba okha, ndipo ayamba ndi mau akuti: "Mwana wanga, bwera tikambirane."

Mafunso okambirana
1. Kodi ng'ombe za banja ndi za yani?
2. Mwana wa m'tauni ali ndi udindo wanji kwa a kumudzi?
3. Kudziwa kuwerenga kungateteze bwanji cuma ca banja?