Musathamangire Kuweruza Pampu

Ana anga amene mukuphunzira umakaniko, tcherani khutu pa nkhani ya pampu ya petulo, chifukwa ndalama za anthu zikuthera pamenepa. Galimoto ikangokana kulira, kapena ikamatsamwa pokwera chitunda, mumafulumira kunena kuti "pampu yafa, bwana." Mwiniwake amakakongola ndalama, inu n'kumanga pampu yatsopano, mawa lake vuto lili pompo. Zimandiwawa mtima, poti amene mwamulipiritsayo mwina ndi dalaivala wa Sienta yonyamula anthu, amene ana ake amadya galimotoyo ikayenda.

Yambani ndi zosavuta. Onani fyuzi, sinthanitsani rileyi ndi inzake yofanana nayo, kenako tsegulani pothirira mafuta mumvetsere mnzanu akutembenuza kiyi. M'magalimoto ambiri pampu imang'ung'uza masekondi awiri kapena atatu kiyi ikangofika pa ON. Koma Toyota zambiri sizitero, pampu yake imadikira kuti sitata izungulire kaye. Ikakhalabe chete, tengani mita muyeze magetsi pa pulagi ya pampuyo, muone ngati akuyandikira a pabatire. Waya wa ethi wadzimbiri amafooketsa pampu yabwinobwino.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Kumasula paipi n'kuona petulo akutuluka sikuyeza ayi. Pampu yotopa imatulutsabe mafuta, koma ilibe mphamvu yokankha mokwanira kuti mainjekita apopere bwino. Chonena zoona ndi geji ya pulesha basi. Injini ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Sienta, Probox ndi Fielder zambiri, imafuna pulesha ya pakati pa 304 ndi 343 kPa ikamalira. Mukazimitsa musachotse geji msanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha mphindi 5 singano isatsike kupitirira pa 147 kPa. Ikagwa msanga, ndiye kuti injekita ikudontha, kapena regyuleta kaya kavalavu ka m'pampu sikakugwira, ndipo galimoto yotere imavuta kuliza ikakhalitsa. Singano ikakhala pabwino injini ikulira payokha koma n'kumatsika mukaponda moto, musanagule kanthu onani sefa. Nthawi zambiri pampu imakhala ilibe mlandu, yangotsamwitsidwa ndi zinyalala. Injini iliyonse ili ndi muyezo wake, choncho funsani buku la galimotoyo, osati kuloweza wa imodzi.

Mukapeza kuti pampu yafadi, funsaninso chimene chaipha. Mafuta akasowa m'dziko muno anthu amagula a m'zigubu, ndipo ena amabwera ndi madzi, dothi, mwinanso osakaniza ndi parafini. Madalaivala ena amayenda masiku onse nyali ya mafuta ili chiyakire, osadziwa kuti pampu imakhala m'thanki ndipo petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa. Tsukani thanki, sinthani sefa, ndipo mumuuze mwiniwake mwaulemu koma mosabisa. Mukamanga pampu yatsopano m'thanki yamatope, abweranso, ndipo adzati munamuikira yachinyengo.

Za moto ndikupemphani ngati kholo lanu. Musanamasule paipi iliyonse, zulani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, chotsani waya wa batire, ndipo kulungani nsanza pomasulapo. Wosuta fodya ndi wowotcherera zitsulo akhale kutali. Injini zolembedwa D-4 kapena GDI zili ndi pampu yachiwiri pa injini penipeni, yokankha ndi mphamvu yoposa ya m'thanki kutalitali. Kumeneko musalumikizeko geji wamba, ndipo musagwireko popanda wamkulu wodziwa pambali panu.

Ndikudziwa kuti geji ndi yodula kwa munthu wongoyamba kumene. Sonkherani ndi anzanu a pagalaja mugule imodzi mwezi uno, muziisunga m'bokosi lake, ndipo pampu iliyonse muziyamba mwaiyeza musanatchule mtengo kwa mwini galimoto.