Kodi Kuzolowera Ndi Nzeru Kapena Kugonja?

Mawu amene ndimawamva kwambiri pamsika ndi akuti "tizolowera". Sopo akakwera mtengo, tizolowera. Mvula ikadula, tizolowera. Ena amachita kulozera mlambe, eti tiphunzire kupirira kwake.

N'zoona, mlambe wa ku Balaka ndi katswiri. Chilimwe chikafika umayoyola masamba onse kuti usataye madzi, ndipo chithunthu chakecho chimasunga madzi mkati. Nayo nsomba ya mlamba ya m'nyanja ya Chilwa ili ndi chiwalo chopumira mpweya wakunja, n'chifukwa chake imalimba m'matope zinzake zitafa. Nyanjayi inaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018, koma madzi atabwerera asodzi a ku Machinga anaponyanso maukonde.

Komatu mlambe sunakhale pansi n'kuganiza zosintha ayi. Zimene Charles Darwin anafotokoza mu 1859 ndi izi: ana a mtundu umodzi amabadwa osiyanasiyana. Amene chibadwa chawo chagwirizana ndi malowo amapulumuka n'kubereka, enawo amatha. Zikatero mibadwomibadwo, mtundu wonse umasintha. Ndiye kuti kuzolowera kwa m'chilengedwe kumagulidwa ndi imfa. Ife timangoona opulumuka, otsala m'njira sitiwawerenga.

Taonani njovu za ku Gorongosa m'dziko la Mozambique. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, njovu zambiri zinaphedwa chifukwa cha minyanga. Mwa zazikazi zimene zinatsala, pafupifupi theka zinali zobadwa zopanda minyanga, ndipo ana awo aakazi ambiri anatengera. Kafukufuku wa mu 2021 anasonyeza kuti chibadwa chomwechi chikagwera mwana wamwamuna, sabadwa wamoyo. Inde njovuzo zinazolowera, koma zinazolowera mfuti. Kodi pamenepa tiombe m'manja?

Ine ndimaona kuti mavuto ali pawiri. Alipo ochokera kumwamba, monga ng'amba. Mlimi wa ku Ulongwe akaphatikiza nandolo, mapira ndi chinangwa m'malo modalira chimanga chokha, imeneyo ndi nzeru. Koma alipo mavuto opangidwa ndi manja a munthu: sikelo yobera, ziphuphu, katundu wobisidwa dala kuti akwere mtengo. Kuzolowera zimenezi kuli ngati njovu kutaya minyanga pomwe wamfuti akungoyenda mfulu.

Ndipo tikamati "tizolowera", amene tikunenayo ndani? Ine wa benchi langa mwina ndipirira. Nanga agogo aja amene ngakhale kajumbo ka ufa ka walkman kakuwakanika? Chilengedwe chimasiya wofooka m'mbuyo chifukwa chilibe chikumbumtima. Munthu ali nacho. Alinso ndi pakamwa pofunsira, ndi msana woberekera mnzake amene watopa.

Nanga inu, ndi chiyani chimene mwachizolowera chomwe simumayenera kuchizolowera? Tikambirane.