Nyanja ya pa Foni

Mu Okutobala 2024, chaka chimene chilala chinaphwetsa Zambezi mpaka magetsi a ku Kariba anachepa, mnyamata wina wa ku Chiputo m'boma la Maravia anatsikira ku nyanja ya Cahora Bassa. Anaijambula pa foni, n'kukonza chithunzicho asanachiike pa Facebook. Amalume ake, amene anakalambira pa bwato la kapenta, atachiona anamuitanitsa.

AMALUME: Mphwanga, nyanja iyi ndi ya kuti? Ine ndinali komweko sabata yomweyo. Kumwamba kunali mbuu ndi utsi wa lupsa, mapiri a kutsidya osaoneka. Madzi anali atathawa, kusiya mzere wotuwa pa miyala, ndipo mabwato timachita kuwakoka pamatope. Pano ndikuona thambo lobiriwira, madzi ofika m'mitengo. Matope aja wawaika kuti?

MPHWAO: Ndawadula, amalume. Mbali ya m'munsi ndaichotsa, thambo ndaliwalitsa pang'ono. Palibe chimene ndabweretsa kuchokera kwina. Mwana akamapita kukajambulitsa mumamusambitsa, mumamudzoza mafuta. Ndiye kuti mwanama?

AMALUME: Kusambitsa mwana ndi kwina. Iwe wadula mwendo umene uli ndi chilonda, n'kuuza anthu kuti mwana ali bwino.

MPHWAO: Koma foni imanama kale ndisanaikhudze. Ndikangodina, imasankha yokha pakuda ndi powala, imakometsa mitundu. Ndiye chithunzi chosakonzedwa chili kuti? Ngakhale poima ndimasankha ndine. Ndikanatembenukira kumanzere mukanaona mulu wa zinyalala, kumanja mbuzi. Ndipo si ine woyamba. Frank Hurley, amene anajambula ulendo wa Ernest Shackleton ku Antarctica, dziko la madzi oundana, sitima yao Endurance itaphwanyidwa ndi ayezi mu 1915, anaswa magalasi a zithunzi mazana angapo n'kusunga ochepa amene akanatha kunyamula. Atabwerera anaphatikiza zithunzi, mitambo ya tsiku lina n'kuiika pa malo a tsiku lina. Dziko lonse likudziwa ulendo umenewo chifukwa cha iye.

AMALUME: Wandipatsa wekha ndodo yokumenyera. Si iwe unandiuza tsiku lija kuti munthu yemweyo anatenga chithunzi cha tsiku limene Shackleton amanyamuka pa chilumba cha Elephant mu 1916 kukafuna thandizo, n'kufufutapo bwato limodzi, kuti chioneke ngati tsiku limene anabwera kudzapulumutsa anzake? Anthu amene amatsazika anawasandutsa olandira. Zimenezo umazitcha chiyani?

MPHWAO: Kupulumutsidwa kunachitikadi. Iye anangosowa chithunzi choyenera.

AMALUME: Nanga kudzaza kwa nyanja yathu chaka chino kunachitika?

MPHWAO: Inu mukuyesa chithunzi chilichonse ndi umboni wa kubwalo la a mfumu. Changa si cha nyuzipepala. Pamene magazini ya National Geographic inasuntha mapiramidi a ku Egypt pa chikuto chake mu 1982, anthu anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa, poti magazini ija imati imanena zoona. Ine ndimangofuna kuti anthu aone kuti kwathu n'kokongola. Akatchula Tete, anthu amaganiza za kutentha, malasha a ku Moatize ndi fumbi. Ndani anajambulapo Maravia kuti munthu asirire?

AMALUME: Pamenepo ndakumva, ndipo sindikutsutsa. Nyanja ija imakongoladi, makamaka usiku nyali za kapenta zikayaka ndondondo. Koma taona amene alemba pansi pa chithunzi chako. Mchemwali wako wa ku Johannesburg akuti, "Tithokoze Mulungu, madzi alipo." Mwezi watha ndinamuuza pa foni kuti nsomba zavuta, atithandize ya ufa. Tsopano wabodza ndani, ine kapena iwe?

MPHWAO: Zimenezo sindinaziganize. Komabe munthu wanzeru amadziwa kuti za pa Facebook ndi zokometsa.

AMALUME: Amadziwa za nkhope za atsikana. Za nyanja sadziwa. Ndipo pali china. Damu la Cahora Bassa, limene linapanga nyanja ija, anamaliza kumanga mu 1974. Pansi pa madzi amenewo pali minda ndi manda a anthu athu, ndipo palibe wa kwathu kuno amene anali ndi kamera yoti atisungire mmene chigwa chinalili. Iwe uli nayo m'thumba. Mdzukulu wako akadzafunsa kuti madzi anafika pati m'chaka cha chilala, udzamuonetsa chiyani?

MPHWAO: Ojambula madzi oundana alipo ochita zimenezo. James Balog anayamba mu 2007 kumangirira makamera ku Greenland, Iceland ndi Alaska, ojambula malo amodzimodzi miyezi ndi zaka, kuti kusungunuka kuoneke. Koma imeneyo ndi ntchito ya sayansi, ya ndalama zambiri. Ine ndili ndi foni yong'aluka galasi.

AMALUME: Mwala uja wa mzere wotuwa sufuna ndalama. Uli pomwepo. Chithunzi choyamba chija, chamatope, ukadali nacho?

MPHWAO: Chilimo. Sindinachifufute.

AMALUME: Chiike pambali pa chinzakecho.

MPHWAO: Palibe amene adzachikonde, amalume.

AMALUME: Tumizira mchemwali wako kaye.