Ulenje Wodula, Malipiro Ochepa

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Seputembala mpaka Novembala, anthu ambiri a ku America amapempha tchuthi kuntchito n'kulunjika kumapiri a ku Colorado, Wyoming, Montana ndi Idaho. Amapita kukasaka elk, nyama ya mtundu wa gwape koma yaikulu kuposa ngoma, ya nyanga za mphandamphanda. Ambiri mwa alenjewa si anthu olemera. Ndi owotcherera zitsulo, oyendetsa malole, amakaniko ndi anamwino, anthu amene amawerenga masiku podikira malipiro. Ena amasunga ndalama zaka ziwiri kapena zitatu kuti apeze sabata imodzi yokha m'tchire. Enanso amalota zodzawoloka nyanja kuti adzaphe njati ku Luangwa kapena ngoma ku Limpopo.

Nkhaniyi ikuoneka yakutali, koma funso lomwe lili m'kati mwake limafika pakhomo pa aliyense amene amadya thukuta lake. Kodi munthu wa malipiro ochepa ali ndi ufulu wowononga ndalama zambiri pa chinthu chongomusangalatsa? Nanga ngati chisangalalocho chimathera pa imfa ya cholengedwa cha Mulungu, mlandu wake ndi wotani?

Choyamba ndi kumvetsa mmene anthuwa amakwanitsira. Ku England kale nyama za m'tchire zinali za mfumu ndi nduna zake. Mfumu William idapatula nkhalango ya New Forest cha m'ma 1079 kuti izisakamo yokha, ndipo lamulo la mu 1723 lidafika popereka chilango cha imfa kwa munthu wopezeka akusaka agwape atadzipaka makala kumaso kuti asadziwike. Ku America adasankha njira ina. Nyama za m'tchire ndi za anthu onse, boma limangozisunga, ndipo pali malo aakulu a boma omwe aliyense angasakemo akakhala ndi chiphaso. Chiphaso cha elk ku Colorado n'chotsika mtengo kwa nzika ya komweko, koma wochokera m'chigawo china amalipira kuposa kakhumi. Kumalo kumene ofuna achuluka, ziphaso zimaperekedwa mwa maere, ndipo wolephera chaka chino amapatsidwa mapointi omuwonjezera mwayi m'tsogolo. Munthu wamba amasonkherana mafuta a galimoto ndi anzake, amagona m'tenti, amadziphikira, salemba ganyu munthu womulondolera, ndipo nthawi zambiri amasankha nyama yaikazi chifukwa chiphaso chake sichivuta. Akachita mwayi amabwerako ndi nyama yoti banja lidye miyezi ingapo. Kuyambira mu 1937, msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo umapita ku ntchito yosamalira nyama zomwezo.

Pali anthu amene angayankhe msanga kuti wosauka asamalakelake za olemera; akapeza kangachepe agule ufa, alipire lendi, akhale phee. Maganizowa amamveka ngati nzeru, koma ali ndi nkhanza yobisika. Amaona munthu wantchito ngati ng'ombe ya pangolo, yofunika msipu ndi khola basi. Lamulo la Sabata m'buku la Deuteronomo lidalamula kuti wantchito ndi mdzakazi apume monga apumira mbuye wawo. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti mtima wa munthu umatopa ngati thupi, ndipo mankhwala ake ndi chisangalalo choyenera. Iye adakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Mtumwi, amene ena adakhumudwa atamupeza akusewera. Yohane adafunsa munthu wina wonyamula uta ngati angaukoke kosalekeza, ndipo uja adavomera kuti ungathyoke. Choncho kufuna kupuma, kuona mapiri, kugona panja ndi anzako, kuyesa luso ndi kupirira kwa thupi, zonsezi si tchimo. N'zodabwitsa kuti munthu wolemera akagula galimoto lachitatu anthu amangoti wadalitsika, koma mmisiri akadzipatsa sabata imodzi amamuwerengera tambala iliyonse.

Ufulu wosangalala ulipo ndithu, koma funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba: ndalamazo ndi za yani? Malipiro a munthu wapabanja amatuluka m'dzina lake, koma eni ake ndi ambiri. Mulinso fizi ya mwana, mankhwala a mayi okalamba, denga lodontha, ndi tsiku losadziwika limene ntchito idzathe. Pali njira zitatu zolipirira ulendo wodula. Wina amasunga pang'onopang'ono pa zotsala, amagwira maola owonjezera, amasiya mowa ndi fodya, ndipo mkazi wake akudziwa ndi kuvomereza. Wina amatenga ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, pa khadi ya kubanki kapena kwa akatapila, n'kumabweza chaka chonse sabata yomwe idatha kale. Wachitatu amabudula pa zofunika za pakhomo, kenaka n'kunama mtengo. Onse atatu angathe kujambulitsa chithunzi chofanana pambali pa nyama yakufa, koma pamaso pa Mulungu achita zinthu zitatu zosiyana.

Woyamba uja waphunzira kudikira, ndipo akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Awiri enawo akumbukire Esau, amenenso anali mlenje. Tsiku lina adabwera kuchokera kutchire ali wolefuka, ndipo adagulitsa ukulu wake ndi mbale imodzi ya mphodza. Njala yake inali yeniyeni, cholakwa chinali mtengo umene adalipira. Ambuye Yesu nawonso adanena za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera ngati chuma chake chikwanira. Pali muyeso wosavuta umene mwamuna aliyense angadziyese nawo. Ngati sangathe kuuza mkazi wake mtengo weniweni wa ulendowo, kuphatikizapo masiku amene sadzalipidwa kuntchito, ndiye kuti ulendowo sangaukwanitse, ngakhale ndalama zili m'thumba.

Funso lachitatu ndi la nyamayo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2415 mpaka 2418, amaphunzitsa kuti munthu aloledwa kugwiritsa ntchito nyama pa chakudya ndi zovala, koma kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthuyo. Papa Francis adabwereza mfundoyi mu 2015 m'kalata yake ya Laudato Si'. M'buku la Levitiko mlenje adalamulidwa kuthira magazi a nyama pansi ndi kuwakwirira ndi dothi, povomereza kuti moyo ndi wa Mulungu ngakhale nyama ili m'manja mwa munthu. Ku Colorado ndi ku Alaska ndi mlandu kudula mutu wa nyama n'kusiya mnofu ukuwola m'tchire. Wosaka kuti adye, amene amapha ndi chipolopolo chimodzi ndi kusenza nyama yonse pamsana, ali ndi choyankha akafunsidwa. Wosaka nyanga zokapachika pakhoma ayenera kudzifunsa kawiri.

Apa ndi pamene kuchepa kwa ndalama kumabala chiyeso chachilendo. Wolemera akalephera chaka chino amadzabweranso chaka chamawa. Koma munthu amene wasunga zaka zitatu, ndipo lero ndi tsiku lomaliza, dzuwa likulowa, nyama yaonekera patali kuposa pamene luso lake lingafike, mtima umamuuza kuti angowombera. Chipolopolo chikalowa m'mimba kapena pamwendo, nyamayo imathawa n'kukafa patapita masiku, m'zowawa, popanda woidya. Zimene zamuwombetsa ndi ndalama zomwe adalipira. Ndiye pa mtengo wa ulendo payenera kuwerengedwanso chinthu china chimene sichilembedwa pa lisiti, chomwe ndi mtima wokonzeka kubwerera chimanjamanja. Amene sangapirire kubwerako wopanda kanthu asanyamuke n'komwe.

Maloto aja akafika ku Africa, nkhani imakula. Mu Julayi 2015, dokotala wa mano wa ku America, Walter Palmer, adapha mkango wotchedwa Cecil pafupi ndi nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe, ndipo nyuzipepala zidalemba kuti adalipira madola pafupifupi 50,000. Mkango, njovu ndi nyalugwe za ku Luangwa, ku Niassa kapena kuchigwa cha Zambezi, munthu wapamalipiro sangazifike. Zimene angathe ndi nswala, njiri kapena ngoma m'mafamu otchingidwa ndi waya a ku South Africa, kumene lamulo la mu 1991 limalola mwini famu kukhala mwini wa nyama za m'mpanda mwake. Akamva za mkango wotchipa achenjere, chifukwa kawirikawiri umakhala woweteredwa m'khola, wozolowera anthu, wotulutsidwa masiku ochepa mlendo asanafike. Mu 2021 boma la South Africa lidalengeza kuti likufuna kuthetsa ulimi woterewu. Kupha nyama imene ilibe kothawira n'chimodzimodzi kupha mbuzi yomangirira, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chinthu chikatchipa kwambiri pamakhala wina amene walipira mbali yotsalayo. Pa ulendo wa ulenje pali wolondola mapazi a nyama amene amadzuka usiku, wosenda chikopa, wophika ndi wochapa. Malipiro awo ndi ochepa, ndipo amadalira kangachepe komwe mlendo amasiya pochoka. Mlenje wa thumba lopyapyala akafuna pochepetsa, malo osavuta kudula ndi amenewa, chifukwa anthuwa sadandaula pamaso pake. Kalata ya Yakobo imachenjeza kuti malipiro omanidwa antchito amafuula mpaka kwa Mulungu. Zimapweteka kwambiri pamene womana ndi wantchito mnzawo, amene akudziwa bwino kulemera kwa tsiku limodzi la thukuta.

Palinso munthu wina amene saoneka pachithunzi. Ndi mlimi wokhala m'malire a nkhalango, amene njovu zimamudyera chimanga usiku umodzi wokha. Iye akatchera khwekhwe amakagona kundende. Ku Malawi, lamulo la nyama za m'tchire lomwe lidakonzedwanso mu 2017 limalola chilango cha zaka mpaka 30 pa milandu ikuluikulu. Lamulolo lili ndi chifukwa chake, pakuti khwekhwe silisankha, limapha ndi kulemaza chilichonse, ndipo nkhalango ya Majete idatsala pang'ono kutheratu nyama isanayambe kubwezeretsedwa mu 2003. Komabe mlimiyo sangalephere kudabwa poona kuti nyama imene iye saloledwa kudya, mlendo wa ndalama aloledwa kuipha. Makolo pa uzimba ankagawana nyama mudzi wonse, ndipo mnyanga wa njovu wogwera pansi unkapita kwa mfumu, mwini dziko. Mayiko ayesa njira zosiyana. Kenya idaletsa ulenje wotere mu 1977. Zimbabwe idayambitsa ndondomeko ya CAMPFIRE mu 1989 kuti gawo la ndalama lizifika kumidzi. Botswana idaletsa mu 2014 n'kutsegulanso mu 2019. Anthu a mtima wabwino amatsutsana pa njira yoyenera, koma mlendo aliyense angathe kufunsa asanalipire kuti nyamayo adye ndani, ndipo ndi ndalama zingati zitsale m'mudzi.

Yankho la funso lija ndi lakuti munthu wa malipiro ochepa salakwa posunga ndalama za ulendo wotere, malinga ndalamazo ndi zotsala zenizeni, banja lavomereza likudziwa zoona, nyama yaphedwa mwachangu n'kudyedwa, ndipo aliyense womutumikira walandira zake. Chimodzi chikasowa, ndi bwino kudikira chaka china. Katekisimu yemweyo amakumbutsanso kuti kuthandiza anthu ovutika kumayenera kutsogola, choncho amene amatha kusunga zaka zitatu chifukwa cha nyanga wadzionetsa yekha kuti angathenso kupatula kanthu ka mnansi wake wodwala.

Ambiri owerenga tsamba lino sadzagwira mfuti, koma aliyense ali ndi nyama yake yaikulu imene akuilondola: foni yodula, njinga yamoto, ukwati wa magalimoto khumi, kapena ulendo wa kunyanja pa Khirisimasi. Mafunso ake ndi omwewo. Pa 3 Novembala Mpingo umakumbukira Hubert Woyera, nkhoswe ya alenje, episkopi wa ku Liège amene adamwalira mu 727. Nkhani yakale imati adapita kukasaka pa Lachisanu Loyera, pamene anzake anali m'tchalitchi, ndipo adaona mtanda pakati pa nyanga za gwape amene ankamuthamangitsa. Adatsitsa uta wake, nagwada, nasintha moyo. Alenje a ku Ulaya mpaka lero amachita Misa pa tsiku lake, kupempha kuti adziwe nthawi yowombera ndi nthawi yoleka.