Mwini Nthano Ndani?

Mkangano udabuka usiku wina m'chipinda chathu ku hositelo, mabuku a mayeso ali chitsekere. Anzanga awiri, amene amawerenga makomiki pa foni kuposa m'mene amawerengera za m'kalasi, ankalimbana pa funso ili: mwa anthu onse amene adalembapo nkhani za Thor, mulungu wa mabingu wonyamula nyundo uja, katswiri ndani? Ine ndidangoti duu, chifukwa funsolo lidandikumbutsa mlandu wanga umene ndidausiya kwathu ku Dedza usadazengedwe. Ndati ndiuzengere pano, pamaso pa inu anzanga ndi aphunzitsi athu, poti mutu umodzi susenza denga.

Ndiyambe ndafotokoza za Thoryo kwa inu amene simumdziwa. Iyeyu adali mulungu wa anthu a ku Scandinavia, ndipo zambiri za nthano zake tikuzidziwa chifukwa cha Snorri Sturluson wa ku Iceland, amene adazilemba cha m'ma 1220, mwini wakeyo ali Mkhristu. Mu 1962 ku America, Stan Lee, Larry Lieber ndi Jack Kirby adamtola mulunguyu, nammeta ndevu zake zofiira, namuika m'thupi la dokotala wolumala mwendo, Donald Blake, amene akamenyetsa ndodo yake pansi ankasanduka Thor. Adaikaponso lamulo lakuti nyundo ija angainyamule ndi munthu woyenera yekha. Kuyambira pamenepo alembi akhala akulandizana nkhaniyi kwa zaka zoposa 60.

Mnzanga woyamba adati katswiri ndi Walt Simonson, amene adalemba kuyambira 1983 mpaka 1987. Simonson adabwerera ku nthano zakale za ku Scandinavia natapako zambiri, komabe m'kope lake loyamba lenilenilo adalola kuti nyundo inyamulidwe ndi Beta Ray Bill, mlendo wochokera ku nyenyezi zakutali, wa nkhope ngati ya hatchi. Apa ankatiuza kuti kuyenera sikuyendera mtundu kapena maonekedwe. Nthawi ina adafika pomsandutsa Thor chule, koma ulemu wake sudachoke. Mnzanga wachiwiri adati ayi, katswiri ndi Jason Aaron, wa 2012 mpaka 2019. Aaron adabweretsa Gorr, munthu amene banja lake lidatha ndi njala ndi masoka, milungu imene anthu akwawo ankaipembedza ili chete, ndipo iye adalumbira kuti aipha milungu yonse. Mu 2014 Thor adalephera kunyamula nyundo yake yomwe, ndipo adaitola Jane Foster, mayi wodwala khansa, amene akangoinyamula mankhwala a m'thupi mwake ankatha mphamvu, koma ankainyamulabe kuti apulumutse ena.

Taonani chinthu chimodzi. Pa anzanga awiriwa padalibe amene adayamikira mlembi wake chifukwa chosiya nkhani m'mene adaipezera. Aliyense ankanyadira zimene mlembiyo adasintha.

Tsopano tibwerere kwathu, pakuti nafenso tili ndi nkhani zolandizana, zakale kuposa komiki iliyonse. Kumadzulo kwa Dedza, m'mapiri a Dzalanyama, kuli Kaphirintiwa. Makolo amati pamenepo Chauta adatsika ndi mvula yoyamba pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo mapazi awo adadinda pathanthwe lidakali lofewa. Onse ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto, tchire nkuyaka. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, nyama zina zidalowa m'thengo zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nati kuyambira pamenepo munthu adzafa. Ena amanenanso kuti Mbona, wovumbitsa mvula uja, adathawa kuchokera kumbali yomweyi nalowera kummwera, kumene adani ake adamupha. Kachisi wake ali ku Khulubvi, m'boma la Nsanje.

Nkhanizi nazo zili ndi alembi ake, ndipo tingathe kuwayerekeza monga ankachitira anzanga aja. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, adalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Iye adasonkhanitsa zonena za akuluakulu nazisanja monga mbiri: maulendo a makolo, mafumu ndi malo opembedzera. Pa nthawi ya atsamunda, pamene ena ankaganiza kuti munthu wakuda alibe mbiri, ntchito imeneyi idali yankho. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene adaphunzitsapo ku Chancellor College, adachita zina. M'buku lake la River of Blood la 1992 adaika pamodzi nkhani zingapo za Mbona zosiyanasiyana, naonetsa kuti nkhaniyi yakhala ikusintha malinga ndi mavuto a nthawi yake, kufikira kuti Mbona wa masiku a mishoni adayamba kufanana ndi Yesu. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Steve Chimombo, mmodzi mwa akuluakulu a gulu la alembi ku Zomba, adamtengera Mbona pa bwalo la zisudzo m'sewero la The Rainmaker, limene lidasindikizidwa mu 1978. Idali nthawi ya chipani chimodzi, pamene zolemba zonse zinkayamba zaonedwa ndi bungwe lofufuza mabuku, ndipo sewero lonena za mnyamata wamphatso wosakidwa ndi akuluakulu ansanje silinkasowa womasulira.

Wachinayi sadalembepo buku, ndipo ndi amene ndidamulakwira. Ndi agogo anga aakazi.

Mukumbukira kuti mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Chakumapeto kwa chakacho ndidapita kwathu ku tchuthi, nkupeza nkhokwe ili mbee. Chimanga chokha chimene chidatsala ndi cha mbewu, chimene agogo adachipachika kutsindwi pamwamba pa moto, ndipo ana ankachiyang'anitsitsa tsiku lililonse. Ngakhale akuluakulu ena pakhomopo adayamba kunena zoti tingochigayitsa, za mawa tidzaziona mawa. Usiku wina kukuzizira, monga kumachitira kwathu kumapiri, agogo adasonkhanitsa ana nayamba nkhani ya Kaphirintiwa. Atafika pa moto uja adaonjezera zimene ine sindidazimvepo. Adati mkazi woyamba uja adabwerera m'malawi kukatola chimanga cha mbewu, napsa manja, ndipo ngakhale njala idafika posauzana sadadyeko ngakhale njere imodzi. Nchifukwa chake ife tilipo.

Apa ine, mwana wa ku yunivesite, ndidatsokomola. Ndidati, "Agogo, m'mabuku sizili choncho. Komanso chimanga nchachilendo, chidachokera ku America zaka pafupifupi 500 zapitazo. Pa Kaphirintiwa padalibe chimanga." Agogo adandiyang'ana, nanditchula monga amachitira ponditonza mwachikondi: "Amuna anga, mwaphunziradi. Nanga wa m'bukuyo, pa Kaphirintiwa adalipo?" Ana adaseka, koma agogo sadapitirize. Adasonkheza moto nati aliyense akagone.

Za chimanga ndidanena zoona. Nanga nchifukwa chiyani mtima wanga ukundiimbabe mlandu? Funso lenileni ndi limeneli: kodi wosintha nthano ndi wabodza? Ngati si wabodza, malire ake ali pati?

Pali anthu amene amati nthano ndi chuma cha makolo, ntchito yathu nkusunga basi. Ine ndidali m'gulu limeneli usiku uja. Koma Schoffeleers adationetsa kuti nthano yoyambirira, yosakhudzidwa ndi dzanja la munthu, palibe amene ali nayo. Snorri adalemba milungu ya makolo ake ndi maso a Mkhristu. Ntara adasankha zolemba ndi zosiya. Zimene ine ndinkati ndi zenizeni zidali chabe mawu a nkhalamba ina, ya mudzi wina, imene idakumana ndi munthu wa cholembera. Inki idaumitsa mawu a tsiku limenelo, ndipo ine ndidatenga mawu oumawo nkukwapula nawo agogo anga amoyo.

Komanso sindingavomereze kuti aliyense achite nayo nthano chimene afuna. Thor wa m'makomiki ndi katundu wa kampani ya Marvel, imene idagulidwa ndi Disney mu 2009, ndipo wamalonda angathe kusintha nkhani pofuna kuti igulidwe basi. Mbona si katundu wa kampani. Ku Khulubvi kuli anthu osunga kachisi wake, amene kwa iwo dzinali ndi lopatulika. Wandale angathe kupotoza mbiri ya makolo kuti mpando ukhale wa banja lake, ndipo ameneyo timutcha wabodza mosazengereza. Choncho kusintha pakokha sikupanga munthu kukhala katswiri kapena wabodza. Tiyenera kufunsa kuti wasinthira yani, ndiponso kuti akamaliza nthanoyo aibweza ili bwanji.

Ine ndikuona kuti wokamba nthano ali ngati wobwereka khasu. Alime nalo munda wa chaka chino, pakuti khasu losalimira limachita dzimbiri, koma akumbukire kuti khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, ndipo mawa alifuna wina. Kwathu komweko, m'mapanga a ku Chongoni, muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira adajambula Akafula, zoyera adajambula makolo athu Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi nyau, ndipo pena zoyerazo zili pamwamba pa zofiira pathanthwe limodzimodzi. Obwera pambuyowo adanena zawo, komabe zofiira zija zikuonekabe mpaka lero. Muyeso wanga ndi umenewu: mlembi wabwino amaikamo ululu wa anthu a nthawi yake, osafafaniza dzanja la amene adamtsogolera.

Ndi muyeso umenewu ndiwayankhe anzanga aja. Pa Thor ndisankha Aaron, chifukwa adalola munthu wanjala kuzenga milungu mlandu, ndipo funso la Gorr aliyense amene adaonapo chimanga chikufota m'munda amalidziwa. Koma Aaron sakadapereka nyundo kwa mayi wodwala Simonson akadapanda kuonetsa kale kuti nyundoyo ingathe kusintha manja. Pa za kwathu, Ntara adatisungira, Schoffeleers adatitsegula maso, Chimombo adalimba mtima. Komabe onsewa ankalembera anthu osawaona nkhope. Agogo ankakamba akuyang'ana ana anjala m'maso, mbewu ili lende pamwamba pa mitu yawo, ndipo nthano ikadalephera usiku umenewo dzinja likadatipeza tilibe chobzala. Chauta sadamchotse, moto sadauzime, kangaude adamsiya pa ulusi wake. Adangoonjezera mkazi wopsa manja, chifukwa pakhomopo pankafunika mkazi woteroyo.

Mwina wina wa ku dipatimenti ya mbiri adzati ndikusokoneza nthano ndi umboni. Ndikuvomera kuti m'mayeso ndidzalembabe kuti chimanga chidachokera ku America, ndipo ana aja akadzafika kusukulu adzaphunzira zomwezo. Koma choona chili ndi nthawi yake ndi malo ake, ndipo ine ndidachinena pofuna kuonetsa sukulu yanga, osati pofuna kuthandiza munthu. Pamenepo ndiye pali kulakwa kwanga.

Mbewu ija idafika dzinja ndipo idabzalidwa. Nkhani ya usiku uja ndiyo idatsala panjira, ndipo adaidula ndine. Tchuthi chikubwerachi ndikagula shuga ndi sopo pa Dedza boma, ndikakhala pansi pafupi ndi moto, ndipo ndikapempha agogo kuti ayambire pamene mkazi uja adatuluka m'malawi.