Kodi kusunga n'kuchepa chikhulupiriro?

Pa nkhani yosunga za mawa, Baibulo limamveka ngati likuyankha pawiri. Pa Genesis 41, Yosefe anatuta gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola za ku Iguputo kwa zaka 7, ndipo dziko linapulumuka njala. Koma pa Eksodo 16, Mose analetsa Aisraele kugoneka mana, ndipo kwa amene anagoneka, kunacha atagwa mphutsi, akununkha. Nanga wokhulupirira atsate ziti? Ine funsoli limandipeza kukhitchini, ndikamasamalira timasamba tokometsera ndiwo.

Tengani koriyanda, yemwe njere zake Baibulo limazifanizira ndi maonekedwe a mana. Ndikagula kampukutu kumsika, ndimadula nsonga za mapesi, n'kukaimika m'kapu ya madzi pang'ono, masamba osakhudza madziwo. Ndimasintha madzi akayamba kuda, ndipo tsamba lachikasu ndimalichotsa lisanawoletse anzake. Kumutsuka n'kumutsekera m'pepala la pulasitiki ali chinyowere ndiko kumupha msanga: amasanduka zoterera zakuda. Basil, mbale wake wa mpungabwi, safuna firiji n'komwe, chifukwa kuzizira kumadetsa masamba ake. Ntchito yonseyi imangowonjezera masiku ochepa. Koriyanda ukamuyanika padzuwa, tsamba limatsala koma fungo lapita.

Rosemary ndi thyme n'zosiyana ndi koriyanda. Masamba ake ndi olimba, amauma bwino pamthunzi, ndipo amapirira moto wa nthawi yaitali mu nyama kapena mu nyemba. Amayi athu akumudzi nawo anadziwa kale masamba ofutsa: nkhwani, khwanya ndi chitambe amazifutsa, kuziyanika, n'kuzikulunga m'chikwatu cha masamba a msuku kuti mwezi wa Okutobala, kunja kutauma gwa, ana asagone ndi njala. Mayi wopanga mfutso sakayikira Mulungu. Akulemekeza mvula imene Mulungu anagwetsa.

Choncho sindikhulupirira kuti Yosefe ndi Mose akutsutsana. Nzeru yagona pa kuzindikira mtundu wa mphatso imene walandira. Zina Mulungu amatipatsa kuti tisunge: mbewu, chimanga, ndalama ya fizi ya mwana. Zina amatipatsa za lero lokha, ndipo kuziumirira ndiko kuziwononga. Mphamvu zokazonda wodwala, mawu opepesa kwa m'bale, nthawi yocheza ndi kholo lokalamba, zonsezi sizilowa m'nkhokwe. Tchimo la ogoneka mana silinali kukonzekera, pakuti tsiku lachisanu ndi chimodzi analamulidwa kutola za masiku awiri, ndipo sizinawole. Linali mantha oti Wopatsayo mawa sadzapatsanso.

Ngakhale kaphikidwe kamaphunzitsa zomwezo. Koriyanda ndi minti ndimazidula mphika utatsala pang'ono kuphulidwa, kapena ndimawaza pamwamba ndiwo zitapsa, chifukwa mafuta onunkhira a m'masambamo amathawa ndi nthunzi. Fungolo limafika patebulo kamodzi, anthu n'kudya, n'kutha. Sindikuona kutayika kulikonse pamenepo, pakuti ndi chimene tsambalo linamerera.

Ndipo kampukutu kamodzi nthawi zambiri kamachuluka pa banja limodzi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa masamba awa mwambiwu ndi woona ndithu: theka limene ndapatsa mnansi ndi limene silinawole. Minti wa m'chitini pakhonde naye ukamamutsina nsonga amaphuka nthambi zambiri, ukamamuumira amangotalika n'kuonda.

Yesu, pa Mateyu 23, anadzudzula Afarisi popereka chakhumi cha timbewu tonunkhira kwinaku akusiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Sanawaletse kusamala zazing'onozo. Anafuna kuti asaiwale zazikulu. Ndiye ndipitiriza kusintha madzi m'kapu ndi kuyanika zoyenera kuyanika. Koma ndikamatero ndizidzifunsa ngati chimene ndikusungacho chili ndi munthu woti adzachidye, kapena ndikungoopa kuti manja anga akhala opanda kanthu.